Mabwinja a Amsterdam m'zithunzi za Ed van der Elsken

Nambewe wa ku Bijlmer:
Abale anga a pagulu, ndabwera ndi nkhani yosiyana ndi za mitengo ya matikiti a ndege zomwe takhala tikukambirana sabata yonse. Loweruka ndinapita ku msika wa Waterlooplein kuno ku Amsterdam, kaunjika wa Adatchi, ndikufuna jekete la nthawi yozizira. Jekete sindinalipeze. Ndabwerako ndi buku lalikulu la zithunzi, chikuto chong'ambika m'mphepete, lolemera ngati njerwa. Dzina lake ndi *Amsterdam! Oude foto's 1947-1970*, kutanthauza zithunzi zakale, ndipo anajambula ndi bambo wina dzina lake Ed van der Elsken. Linatuluka mu 1979.

Chomwe chandigwira mtima ndi ichi. Ndakhala mumzinda uno zaka 9, ndipo malo ambiri a m'bukuli ndimawadziwa, ena ndimadutsamo pa njinga tsiku lililonse popita kuntchito. Koma m'zithunzimo muli mzinda wina. Nyumba zopendekeka zochirikizidwa ndi mitengo ikuluikulu ngati nkhokwe yomwe yatsala pang'ono kugwa. Mawindo okhomedwa matabwa. Pakati pa mzere wa nyumba pali mpata, ngati mkamwa mwa munthu wogweluka dzino, ndipo pampatapo pali milu ya njerwa, ana akuseweretsapo. Malo omwewo lero lendi yake munthu ngati ine sindingayerekeze ngakhale kufunsa.

Funso langa kwa odziwa mbiri: ndimamva kuti mzinda womwe unaphulitsidwa ndi mabomba pa nkhondo yachiwiri ndi Rotterdam. Nanga Amsterdam anagumula ndani?

Jubeki Original:
Achemwali, mwapita kukagula jekete mwabwerako ndi buku? Ndiye muzifunda bukulo mu January.

Nambewe wa ku Bijlmer:
Inu a Jubeki, ndinadziwa kuti muyamba ndinu.

Mphunzitsi Wopuma:
Mayi Nambewe, mwafunsa bwino ndipo zomwe munamvazo n'zoona. Rotterdam inaphulitsidwa ndi ndege za Ajeremani pa 14 May 1940, pakati pa mzinda ponse panapsa. Pakati pa Amsterdam sipanagwe mabomba otero. Nyumba zomwe mukuonazo zinagwa mwa njira ina, ndipo ndi njira yowawa kuposa bomba.

Dera lozungulira Waterlooplein, pomwe mwagula bukupo, mpaka ku Nieuwmarkt, Jodenbreestraat ndi Weesperstraat, linali dera la Ayuda kwa zaka mazana. Nkhondo isanayambe mumzindamo munali Ayuda pafupifupi 80,000. Kuyambira mu 1942 Ajeremani anayamba kuwakweza sitima, kudzera ku msasa wa Westerbork, kupita ku misasa yophera anthu ya Auschwitz ndi Sobibor. Oposa 60,000 a mumzinda umodziwu anaphedwa. Nyumba zawo zinatsala zopanda anthu, katundu atalandidwa.

Kenako kunabwera nyengo yomwe iwo amaitcha Hongerwinter, chisanu cha njala, kumapeto kwa 1944 mpaka kumayambiriro kwa 1945. Ogwira ntchito za sitima ananyanyala mu September 1944, Ajeremani pobwezera anatseka njira zobweretsera chakudya kumadzulo kwa dzikolo, ngalande zinauma madzi oundana, gasi ndi magetsi zinadulidwa. Anthu pafupifupi 20,000 anafa kumadzulo konseko. Ankadya zikhawo za maluwa a tulip ndi mizu yopangira shuga. Koma njala ikakumana ndi chisanu, vuto si chakudya chokha, palinso nkhuni. Anadula mitengo ya m'misewu, anazula timatabwa tomwe tinali pakati pa njanji za tram, tisitima tija toyenda m'misewu, ndipo zitatha zimenezo analowa m'nyumba zopanda anthu zija. Anayamba ndi zitseko, kenako masitepe, kenako matabwa a pansi, mapeto ake mitanda yomwe imagwira nyumba. Nyumba ikachotsedwa mitanda imangotsala chigoba. Ena anafera momwemo khoma litawagwera.

Ndiye kuti anagumula ndi Ajeremani potenga eni nyumba, ndiponso anansi awo omwe ankafuna kuti ana awo asafe ndi chisanu.

Jubeki Original:
Eee. Ndasiya nthabwala.

Mai a Chisomo (Chipata):
Aphunzitsi, Adatchi amenewa ndi omwe aja anabweretsa mpingo kwathu kuno ndi ku Nkhoma?

Mphunzitsi Wopuma:
Ayi mayi. Omwe anafika ku Mvera mu 1889 anachokera ku Cape, ku South Africa. Makolo awo akale ndiwo anachokera ku Netherlands. Dzina ndi limodzi, anthu ndi ena.

Kamera ya ku Limbe:
Tsopano mwandikhudza pa ntchito yanga. Ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe, koma ndinayamba nthawi ya filimu, pomwe tinkatsuka zithunzi m'kachipinda kamdima, babu lofiira lokha likuyaka. Van der Elsken ndimamudziwa, ndipo wojambula aliyense yemwe anagwirapo ntchito m'chipinda chamdima akaona chithunzi chake amazindikira dzanja lake.

Anabadwa mu 1925 ku Amsterdam komweko. Nkhondo itatha anagwirako ntchito yochotsa mabomba okwiriridwa pansi. Mu 1950 anapita ku Paris, komwe ankatsuka zithunzi za anzake mu labu yomwe inkagwirira ntchito ojambula a bungwe lotchuka la zithunzi la Magnum. Dziwani kuti munthu amene wakhala akutsukira akatswiri zithunzi amaphunzira zinthu zomwe sukulu singakuphunzitse. Anabwerera kwawo mu 1955 n'kukakhala pafupi ndi Nieuwmarkt, mumsewu wa Koningsstraat, pakati penipeni pa mabwinja omwe a Nambewe akunenawa.

A Nambewe, tayang'anani bwino zithunzi za m'bukumo. Muona kuti zambiri n'zakuda kwambiri, kumwamba kuli bii ngati mvula ya December ikubwera, koma nkhope ya munthu ikuwala, nthawi zina mozungulira mutu muli kachizimezime koyera. Si mmene kunja kunalili zimenezo. Ndi ntchito ya manja. Posindikiza chithunzi papepala, umatchinga kuwala ndi chikhatho pamalo pomwe ukufuna payere, kwinako n'kusiya kuti kupse. Iye ankapsereza dala, mopanda mantha. Zaka zoyambirira ankagwiritsa ntchito Rolleicord, kamera ija umaigwira pamimba n'kumasuzumira kuchokera pamwamba. Filimu imodzi zithunzi 12 basi. Ndi kamera yotero suloza munthu kumaso ngati mfuti, umakhala ngati wawerama, ndipo mwana wamng'ono mumayang'anana naye pamlingo umodzi.

Nambewe wa ku Bijlmer:
Achimwene a Kamera, ndayang'ana, n'zoonadi! Ndimaganiza kuti ndi utsi wa malasha.

Kamera ya ku Limbe:
Utsi unaliponso, koma wambiri ndi wa m'chipinda chamdima.

Tiya_DenHaag:
Ndilankhuleko ine wamng'ono, mundikhululukire akuluakulu. Zomwe anena a Kamerazi ndi zomwe zimandivuta pa munthu ameneyu. Ndinaona zithunzi zake zambiri ndili kuno ku sukulu, ndipo zonse n'zokongola. Bwinja ndi lokongola, mwana wa mamina ndi wokongola, mayi wogulitsa nsanza pamsika ndi wokongola. Ndiye munthu umatuluka ukumva kukoma mumtima, osati kukwiya. Anthu ankakhala m'zipinda zapansi zachinyontho, banja lonse chipinda chimodzi, pakhomo pokhomedwa chikwangwani cha boma chonena kuti nyumbayi siyoyenera kukhalamo munthu, koma anthu ali momwemo chifukwa kulibe kopita. Iye akupsereza kumwamba kuti chithunzi chikome. Kodi kumeneko si kukometsera umphawi?

Ndipo tisaiwale kuti ndi yemweyu anapita ku Oubangui-Chari, komwe lero ndi Central African Republic, n'kutulutsa buku lotchedwa *Bagara* mu 1958. Anthu akuda, magule, alenje, njati. Ife tikudziwa mmene zimakhalira mlendo akafika ndi kamera. Amadutsa nyumba yamalata n'kukajambula yaudzu yomwe yapendekeka.

Jubeki Original:
Pamenepo Tiya wanena. Kwathu kumudzi anabwerapo ena, anauza agogo kuti avule nsapato kaye.

Kamera ya ku Limbe:
Mphwanga Tiya, za *Bagara* sindikutsutsa, kumeneko anali mlendo wa miyezi yochepa ndipo anaona zomwe mlendo amaona. Koma ku Nieuwmarkt sanali mlendo. Ankagula buledi pasitolo yomweyo, ana ake anakulira m'misewu yomweyo. Anajambula ngakhale filimu ya kubadwa kwa mwana wake mu 1963, m'nyumba yawo momwemo. Munthu wojambula kwawo ndi wosiyana ndi wodutsa. Wodutsa amaona umphawi wokha chifukwa ndi womwe uli pamwamba. Wokhala pomwepo amadziwa kuti pabwinja paja pamakhala mpira madzulo aliwonse.

Komanso sankabisala. Ankadziwika kuti amaitana anthu, kuwaseka, kuwaputa, mpaka munthu atembenuke amuyang'ane. N'chifukwa chake m'zithunzi zake anthu ambiri akuyang'ana mu kamera mwachindunji, ena mwamatama, ena mokwiya. Sakuoneka ngati opempha. Yerekezani ndi zithunzi zija za mabungwe zomwe mwana amayang'ana pansi, ntchentche ili pamlomo.

Tiya_DenHaag:
Kuyang'ana mu kamera sikutanthauza kuti wavomera, achimwene. Ndipo buku linagulitsidwa, dzina linatchuka ndi la wojambula. Ana aja mayina awo ali kuti?

Kamera ya ku Limbe:
Palibe. Pamenepo wandigwira. Koma ndikufunse, akanapanda kujambula, lero ukanawaona kuti ana amenewo?

Tiya_DenHaag:
Mwina sankafuna kuti ine ndiwaone.

Injiniya wa Area 25:
Mukanganabe, koma ndiloleni ndiyankhe za mitengo yochirikiza nyumba yomwe a Nambewe anatchula, chifukwa yandisangalatsa. Amsterdam inamangidwa padambo. Nyumba zakale zimakhala pa mizati yamitengo yokhomedwa pansi mpaka kukafika pamchenga wolimba. Mtengo ukakhala m'madzi nthawi zonse suwola, koma madzi apansi akatsika n'kusiya mutu wa mzati pamphepo, umayamba kufumbwa, nyumba n'kumatitimira mbali imodzi. Chachiwiri, nyumba za kumeneko n'zopapatiza, zazitali, zomangidwa mogundana, ndipo zimatsamirana. Mukachotsa imodzi pakati, za m'mbali zimataya pogwira. N'chifukwa chake pampata paja amapingasa mitengo kuchokera khoma ili kukafika khoma linalo. Kugwa kwa nyumba imodzi kunkadwalitsa mzere wonse.

Ndiye onjezani kuti eni nyumba ambiri anali ataphedwa, olowa m'malo kulibe kapena sakudziwika, ndipo otsalawo ankamva kuti khonsolo ili ndi mapulani ogumula dera lonse. Landilodi ndani angakonze denga la nyumba yomwe akudziwa kuti igumulidwa? Pulani ikangolengezedwa, dera limayamba kufa ngakhale fosholo isanakhudze pansi. Zimenezi ndaziona ndi maso pantchito yanga.

Mphunzitsi Wopuma:
A Injiniya afika pa gawo lachiwiri la nkhaniyi, lomwe anthu ambiri amalidumpha. Mabwinja a 1945 sanakhalitse zaka 30 mwangozi. Akuluakulu a mzinda a nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti tsogolo ndi galimoto ndi maofesi, ndipo kuti anthu wamba asamukire kunja kwa mzinda ku nyumba zatsopano. Bijlmer komwe mukukhala a Nambewe ndi mwana wa maganizo amenewo, anthu oyamba analowamo mu 1968. Weesperstraat, womwe unali msewu wopapatiza wodzaza masitolo a Ayuda, anaukulitsa m'zaka za m'ma 1960 n'kukhala msewu waukulu wa magalimoto. Ku Jodenbreestraat anagumula mbali imodzi yonse n'kumanga chinyumba chachitali cha simenti mu 1971, chomwe anthu anachipatsa dzina lachipongwe loti Maupoleum, potengera dzina la mwini wake Maup Caransa. Chinanyansa anthu mpaka chinagumulidwa mu 1994.

Pulani inali yoti msewu waukuluwo upitirire kudutsa pakati pa Nieuwmarkt mpaka ku siteshoni yaikulu ya sitima, ndipo pansi pake padutse metro, sitima yoyenda pansi pa nthaka. Mu 1972 khonsolo inakana msewuwo ndi voti imodzi yokha. Imodzi! Nyumba yakale yotchedwa De Pinto, yomwe inaima panjira ya msewuwo, inapulumuka, ndipo ilipo mpaka lero. Koma metro inapitirira.

Injiniya wa Area 25:
Ndipo metro imeneyo sanaiboole pansi ngati mfuko. M'dothi lofewa lija anasankha kumanga mabokosi akuluakulu a konkire pamtunda, kenako n'kumakokolola dothi la pansi pake ndi madzi kuti bokosi lititimire lokha mpaka pamalo pake. Njira yanzeru ndithu, koma imafuna kuti chilichonse chomwe chili pamwamba pa njanjiyo chichoke. Nyumba zabwinobwino zinagwa limodzi ndi zowola.

Mphunzitsi Wopuma:
N'zomwe zinabweretsa zipolowe za pa 24 March ndi 8 April 1975. Anthu a m'deralo pamodzi ndi achinyamata omwe analowa m'nyumba zopanda anthu, omwe amawatcha krakers, analimbana ndi apolisi omwe anabwera ndi magalimoto opopera madzi ndi utsi wokhetsa misozi. Nyumbazo zinagwabe, metro inafika ku siteshoni yaikulu ija ya Centraal mu 1980. Koma khonsolo inaphunzirapo, inasiya mapulani ena a metro kwa zaka zambiri, ndipo deralo linamangidwanso motsata misewu yakale, nyumba za lendi yotsika, zina mapulani ake anajambula ndi akatswiri a zomangamanga Aldo van Eyck ndi Theo Bosch.

Van der Elsken nthawi imeneyo anali atasamuka kale, anapita kukakhala kumudzi pafupi ndi Edam chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Zipolowezo amene anazijambula kwambiri ndi ena, monga Koen Wessing.

Nambewe wa ku Bijlmer:
Aphunzitsi mwanditsegula maso. Pa siteshoni ya metro ya Nieuwmarkt pali zithunzi za zipolowezo pakhoma, ndipo ndakhala ndikudutsapo zaka zonsezi osadziwa kuti n'chiyani. Pali ndi mawu olembedwa onena kuti pokhala si chifundo cha munthu koma ufulu. Ndinkangoti ndi zokongoletsa.

Tiya_DenHaag:
Mwaona? Anathawa zinthu zitafika povuta. Anajambula ana pabwinja, koma nthawi yomenyera nyumba anali atasamukira kumudzi.

Kamera ya ku Limbe:
Iwe Tiya, munthu asasamuke? Wakhala pamalo zaka zoposa 10, wasiya zithunzi zomwe mzinda wonse ukudzionerapo lero, ukufunanso akagende apolisi?

Admin (Che Bwanali):
Pang'onopang'ono abale. Mkangano ndi wabwino, koma tisafike potchulana "iwe".

Kamera ya ku Limbe:
Pepani bwana admin. Pepa mphwanga.

Mai a Chisomo (Chipata):
Ine sindidziwa za makamera, koma ndili ndi funso. Ana osewera pabwinja aja, makolo awo ankawalola bwanji? Misomali, magalasi osweka, khoma lotha kugwa nthawi iliyonse.

Injiniya wa Area 25:
Mayi, funso lanulo ndi lomwe linatchukitsa Aldo van Eyck yemwe aphunzitsi amutchula uja. Ali mnyamata pantchito ya khonsolo, kuyambira 1947, anayamba kusandutsa mipata yotereyi kukhala malo osewerera ana. Sankaika zambiri: bwalo la mchenga, zitsulo zopindika zokwerapo, timiyala ta konkire todumphapo. Anapanga oposa 700 mumzinda wonse. Ena anali pamalo penipeni pomwe panali nyumba za anthu otengedwa aja, monga mu Dijkstraat pafupi ndi Nieuwmarkt. Kusukulu ya zomangamanga amatiphunzitsa ngati chitsanzo chabwino, ndipo n'chabwinodi. Koma sindinaganizepo kuti mchenga uja unathiridwa pa maziko a khitchini ya munthu mpaka lero pomwe ndawerenga zomwe alemba aphunzitsi.

Mphunzitsi Wopuma:
Ndibwerere kwa Tiya, chifukwa akunena chinthu chenicheni ngakhale akuchinena mwaukali wa unyamata. Kuti muone kusiyana, fufuzani zithunzi za gulu lomwe linadziwika kuti De Ondergedoken Camera, kamera yobisala. Awa ankajambula mwachinsinsi m'miyezi yomaliza ya nkhondo, Ajeremani ataletsa kujambula panja. Ena ankabisa kamera m'chikwama cha pa njinga. Munali Cas Oorthuys, Charles Breijer, ndi mayi wina Emmy Andriesse, yemwe anali Myuda ndipo ankayenda ndi mapepala abodza. Chithunzi chake chotchuka ndi cha kamnyamata kowonda katanyamula poto, kakupita kukalandira chakudya. Zithunzi zimenezo ndi umboni. Zinajambulidwa kuti dziko lidziwe.

Van der Elsken sankasonkhanitsa umboni. Ankakonda anthu, makamaka achinyamata, osamvera, okongola, a m'mphepete. Mu 1955 zithunzi zake zinatuluka mu nyuzipepala ya Vrij Nederland pa nkhani ya Jan Vrijman yokhudza anyamata oyendayenda a ku Nieuwendijk omwe ankatchedwa nozems. Amenewo ndiwo anali anthu ake. Mabwinja analowa m'zithunzi zake chifukwa anali kumbuyo kwa anthuwo. Ine ndimaona kuti n'chifukwa chake amapweteka kwambiri. Palibe amene akuwaloza. Atsikana akuseka, kumbuyo kwawo kuli khoma lomwe likuonetsabe pomwe panadutsa masitepe a nyumba yomwe kulibe.

Tiya_DenHaag:
Koma aphunzitsi, munthu wosadziwa mbiriyi, ngati mmene analili a Nambewe Loweruka, aona chiyani? Aona atsikana akuseka basi. Chithunzi sichimuuza kuti mwini masitepe aja anafera ku Sobibor.

Mphunzitsi Wopuma:
Sichimuuza, n'zoona. Ndipo Amsterdam ya m'ma 1950 nayonso sinkanena. Anthu ankadutsa pamipata imeneyo tsiku ndi tsiku ali chete. Chipilala cha mayina cha ku Weesperstraat, chokhala ndi njerwa zoposa 102,000, njerwa iliyonse dzina la munthu mmodzi mwa ophedwa a m'dziko lonselo, chatsegulidwa mu 2021. Werengani zaka kuchokera 1945.

Jubeki Original:
76. Munthu kubadwa mpaka kukalamba.

Kamera ya ku Limbe:
Chinanso chomwe chimandikhudza ine ngati wojambula. Zithunzi nazonso zimawola. Zithunzi zake zamitundu zikwizikwi zinagwidwa nkhungu zili m'nkhokwe, ndipo a Nederlands Fotomuseum ku Rotterdam anachita kuzitsuka chimodzichimodzi, n'kudzazionetsa mu 2019. Kumeneko kuli ndalama ndi akatswiri. Ine manegativu anga a m'ma 1990, a Limbe yense mmene analili, anali m'katoni pamwamba pa wadiropu. Denga linadontha chaka china, ndinapeza atamatirirana ngati chikondamoyo. Nyumba zina zomwe zinali mmenemo zinagumulidwa kale. Ndiye mukamati wojambula anakometsera, ine ndimangoti bola iye zake zilipo.

Mai a Chisomo (Chipata):
Pepani achimwene. Zimawawa zimenezo.

Nambewe wa ku Bijlmer:
Abale, ndabweranso patapita masiku atatu, ndipo ndili ndi zoti ndikuuzeni.

Ambiri mukudziwa kuti ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Pali agogo ena aakazi omwe ndimawasambitsa ndi kuwaveka masokosi aja othina a miyendo m'mawa uliwonse. Dzina sinditchula. Ali ndi zaka za m'ma 80, ndipo anandiuzapo kale kuti anakulira pafupi ndi Nieuwmarkt. Dzulo ndinatenga buku lija m'chikwama, nditamaliza ntchito ndinawaikira patebulo pambali pa khofi wawo.

Poyamba kunali kuseka kokhakokha. Amaloza madiresi, tsitsi lopombedwa m'mwamba, njinga zamoto, amvekere mlongo wanga anali ndi jekete ngati ili, mayi ankamukalipira. Pa zithunzi za msika anatchula zinthu zomwe zinkagulitsidwa, mpaka anayerekeza mmene ogulitsa ankakuwira. Sindinawaonepo akuyankhula chonchi. Nthawi yanga inali itatha, nyumba ina ikundidikira, koma ndinakhala.

Kenako tinafika pa tsamba lina lomwe pali mpata pakati pa nyumba, mitengo itapingasa monga anafotokozera a Injiniya. Anasiya kutembenuza. Anaika chala pakhoma la m'chithunzimo n'kumachiyendetsa mokwera, motsata mzere wa pomwe panali masitepe. Sananene kuti ndi msewu wawo, ndipo sindikuganiza kuti unali womwewo. Anangoti, ife tinawotcha otere.

Ndinafunsa kuti chiyani, agogo. Anati masitepe. Anali ndi zaka 6. Bambo awo anali atatengedwa kukagwira ntchito ku Germany, mayi awo ali ndi khanda. Mchimwene wawo wa zaka 12 ankatuluka usiku ndi sowo ataibisa m'jasi, n'kulowa m'nyumba yoyandikana nayo. Iwo ntchito yawo inali kuima pakhomo kuyang'ana ngati kukubwera munthu. Anati akukumbukira kuti matabwawo anali opakidwa penti yobiriwira, ndipo akamayaka ankanunkha mpaka maso kuwawa. Anati m'nyumba imeneyo munkakhala mtsikana wamkulu pang'ono kwa iwo yemwe ankawaluka tsitsi, atakhala pa masitepe omwewo.

Sindinadziwe choyankha. Chidatchi changa n'choperewera ngakhale pa nkhani wamba. Ndinangowagwira dzanja. Iwo anatembenuza tsamba, n'kupeza atsikana ovala masiketi aafupi, n'kuyambiranso kuseka, amvekere awa ndiye anali opanda manyazi.

Tiya_DenHaag:
Anakuuzani dzina la mtsikanayo?

Nambewe wa ku Bijlmer:
Anandiuza loyamba lokha. La bambo ake akuti analiiwala, kapena sanalidziwepo, poti anali mwana. Ndinaganiza zoti tsiku lina ndiwakankhe pa njinga yawo ya olumala mpaka ku chipilala cha njerwa chija, koma njerwazo zinasanjidwa motsata dzina la banja. Ndi dzina loyamba lokha sitingamupeze.

Mphunzitsi Wopuma:
Ngati akukumbukira msewu ndi nambala ya nyumba yawo, pali njira. Pali tsamba la pa intaneti lotchedwa Joods Monument lomwe mungafufuze potengera adiresi, limaonetsa omwe ankakhala pa nyumba iliyonse. Koma muwafunse kaye ngati akufuna. Ena safuna.

Nambewe wa ku Bijlmer:
Ndiwafunsa Lachisanu, ndikaona mmene adzukire. Buku ndalisiya komweko, anandipempha kuti ligone kwawo. Mmawa uno ndapeza lili pabedi, magalasi awo ali pakati pa masamba.

Kamera ya ku Limbe:
Achemwali, likabwerera mundijambulireko masamba awiri atatu ndi foni, makamaka a msika. Muzimitse fulashi, muliike pafupi ndi windo.

Jubeki Original:
Nanga jekete lija?

Nambewe wa ku Bijlmer:
Agogo andipatsa la malemu amuna awo. Manja ake ndi aatali, ndachita kupinda kawiri.